Mfuti ya Njiri Yabwerera Pakhomo

Padangokhala! Wofuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wamva.

Nkhondo itatha kutsidya kwa mtsinje, Khwangwala anayamba kugulitsa mfuti za asilikali mobisa, atazikulunga m'mphasa. Njiri, poopa Fisi amene ankazungulirazungulira una wa ana ake, anagula imodzi ndi nkhokwe yathunthu ya chimanga. Anaikanda ndi dzino pachogwirira kuti aziizindikira.

Njala itafika pakhosi, Njiri anapita kukaibweza kwa Khwangwala.

"Achimwene, mfuti zachuluka ngati ngumbi," anatero Khwangwala. "Lero mtengo ndi lichero limodzi basi."

"Nanga mukaigulitsa kwa yani?"

"Ine ndimayang'ana chimanga, osati nkhope."

Njiri anasiya mfuti ija n'kutenga lichero la chimanga. Mawa lake masana, analowa kuuna chafutambuyo monga amachitira, ana ali kumbuyo kwake. Anamva mapazi otsimphina akuyandikira. Pakhomo panasuzumira mpope wa mfuti, kenako chogwirira, chili ndi mkando wa dzino lake lomwe.

"Odi kuno, alamu!" anaseka Fisi. "Ana ali bwanji m'katimo?"

Zoti nyama zimayankhula ndapeka ndine, ndikuvomera. Koma zoti wogulitsa mfuti sayang'ana nkhope, izo sindinapeke ayi.