Chitsulo Chimene Wendell Sanamasule

Panali munthu wina kuno ku Toledo, dzina lake Wendell Pruitt, amene ankagwira ntchito yotsuka zida za opaleshoni pa chipatala china. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo akamaifotokoza amazyolika ngati wolakwayo ndi iwowo.

Wendell anali ndi manja achangu, koma pakamwa ndiye pankaposa manjawo. Chida chimene ankadana nacho kwambiri chinali chitsulo chokanulira chifuwa, chija madokotala amagwiritsa ntchito akamakonza kachitseko ka mu mtima. Chitsulochi chili ndi mikono, mano, chopukusira ndi timabawuti tambirimbiri. Pochitsuka uyenera kuchimasula chonse, kachidutswa kalikonse ukakweche ndi burashi, chifukwa magazi amabisala m'mfundo zake. Ukatero ndiye uchilowetse m'makina a nthunzi ophera majeremusi.

Lachisanu lina masana chitsulocho chinatsika kuchokera ku opaleshoni chili magazi okhaokha. Chinali chokhacho, poti chinzake chinali kokakonzedwa, ndipo Lolemba m'mawa chinkafunika pa opaleshoni ya mayi wina, Loretta Kovach, amene mtima wake unali utafooka moti sankathanso kukwera masitepe a nyumba yake. Wendell ankadziwa zonsezi. Koma anzake anali atayamba kale kuwotcha nyama kunja kwa bwalo la mpira, ndipo foni yake sinkatonthola.

Anangochitsukuluza pamwamba chili chomanga, n'kuchipukuta mpaka chinachita waliwali.

Mayi Odessa Greer, amene anakalambira pa ntchitoyi, anamuona.

"Wendell, wachimasula chimenecho?"

"Amayi, taonani nokha. Mukhoza kudzolerapo mafuta kumaso, ndi galasi ili."

"Sindinakufunse za galasi. Ndati wachimasula?"

"Aaa, inunso! Nthunzi ija imapha chilichonse. Majeremusi ake ati opirira moto umene uja, a ku gehena?"

"Nthunzi sitsuka, mwanawe. Ikapeza magazi imangowaphika. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Chimenechi chikalowa m'chifuwa cha mayi wa mwini wake."

"Ndamva, abusa. Ndichimasula."

Mayi Greer atangotuluka kukatenga zida zina, Wendell anachikulunga msangamsanga, anamata tepi, analembapo dzina lake monga amachitira aliyense wokulunga, n'kuchiponya m'makina. Potuluka, mizere ya pa tepi inali itada, kusonyeza kuti kutentha kunafika. Iye anaimba mluzu, ulendo wa ku mpira.

Lolemba m'mawa Mayi Kovach anatsanzikana ndi mwamuna wawo, anagonetsedwa ndi mankhwala, dokotala anasamba m'manja. Namwino anatsegula phukusi lija pa tebulo la zida n'kuyesa kupukusa chitsulocho. Chinalimba. Atapukusa mwamphamvu, timagazi touma takuda tinayoyokera pa nsalu, pakati pa zida zonse zoyera.

Tebulo lonse linali ladetsedwa, ndipo chokanulira china panalibe. Dokotala anavula magolovesi. Opaleshoni inalephereka, ndipo tsiku lina la opaleshoni ya mayiyo linapezeka sabata inayo.

Akuti Mayi Kovach atatsitsimuka anasisita pachifuwa pawo n'kumwetulira. "Zatheka eti? Sindikumva ululu ngakhale pang'ono."

Wendell anaitanidwa kwa abwana ake. Chitsulo chija chinali pa tebulo, tepi ya dzina lake ili pambali. Abwanawo sanakalipe. Anangomupatsa sipanala. "Masula tione."

Anamasula, anzake onse akuyang'ana. Mfundo iliyonse inatulutsa zakezake. Mayi Greer anayang'ana kumbali, misozi ili lengelenge. Wendell ntchito inamuthera pomwepo.

Anaika katundu wake m'katoni n'kulowa mu chikepe, akadali mu yunifolomu. M'menemo munali bambo wina wachikulire atanyamula jekete la chizimayi ndi kachikwama. Bamboyo anamuyang'ana.

"Mumagwira ntchito pano, achimwene?"

"Eya, bambo."

"Mulungu akudalitseni anthu inu. Ine ndine Kovach. Mkazi wanga amayenera kuchitidwa opaleshoni ya mtima lero. Akuti namwino waona chitsulo chosatsuka asanamung'ambe. Chikanalowa, akuti bwenzi tikunena zina."

Katoni ija inayamba kulemera.

"Koma usiku sagona, amapuma ngati wathamanga," anapitiriza bamboyo. "Kaya afika sabata ya mawa, kaya. Ine sindinayambe ndaphikapo ngakhale dzira, achimwene. Akandisiya nditani?" Anapukuta m'maso ndi jekete lija. "Kodi wotsuka zitsuloyo mumamudziwa?"

Wendell akanatha kukana. Koma manyazi anamugwira.

"Ndimamudziwa."

"Sindikufuna kumuona, ndingachimwe. Koma mukamuuze kuti mayi ameneyu dzina lake ndi Loretta. Wayendetsa basi ya ana a sukulu moyo wake wonse, ndipo m'mawa uliwonse amaunika matayala onse ngakhale kunja kuli chipale chofewa, chifukwa amati ana ndi a eni. Mukamuuze zimenezo basi."

Chikepe chinatseguka. Bambo Kovach anagwira chitseko kuti Wendell adutse ndi katoni yake.

"Ndikamuuza, bambo," anatero Wendell, maso ali pansi.

Phunziro: Ntchito imene ukuiba pobisika, pali munthu wa dzina ndi banja amene adzailipire ndi thupi lake. Akakuchenjeza amene anayamba kale, usayankhe ndi nthabwala, masula utsuke. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amagwira ntchito pamene palibe womuona.