Chiguduli cha Fodya pa Bere la Mbuzi

Panali munthu wina ku Chiosya, a Mateyu, mlimi wa fodya. Iwo ndi akazi awo a Anasi ankalera mdzukulu wamasiye, Esitele, wongoyamba kumene kuyenda. Mwanayo ankadalira mkaka wa mbuzi imodzi yokha.

Mwezi wa Juni a Anasi anaitanidwa ku Kamwendo kukadwazika mng'ono wawo. Amene munakulira kumeneko mukuchikumbuka chisanu chake, chija choumitsa zala.

Ponyamuka anawalangiza amuna awo za mbuzi ija: "Bambo, musanakame musambe m'manja, mutsuke bere ndi madzi ofunda, mulipukute ndi kansalu koyera mpaka liume. Mkakawo muziwiritsa."

"Iii mayi, mbuzi yasanduka mkwatibwi? Pitani, minibasi ikusiyani."

M'mawa a Mateyu anafunditsadi madzi, koma atamva kuzizira anathiramo masamba a tiyi n'kumwa. Anachokera kuchigafa, manja ali bii ndi fodya, n'kutola chiguduli, n'kukhula bere lomwe linagonera ndowe.

"Mkakawu ndi wofunda kale," anatero. "Kuwiritsa n'kutha nkhuni."

Anazolowera kutero. Posakhalitsa nsonga za bere zinang'aluka, bere linatupa, mbuzi inayamba kumenya theche. Mumkaka munaoneka timibulu. A Mateyu anangosefa ndi sefa ya tiyi n'kumwetsa mwana.

Esitele anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Maso analowa m'kati, akulira wopanda misozi. A Mateyu anam'kulunga m'jekete n'kukwera kabaza.

"Palasa mphwanga, palasa!"

"Koma akupuma, madala?"

"Usandifunse, palasa!"

Kuchipatala namwino anafunafuna mtsempha padzanja osaupeza, mpaka anabaya dilipi pamutu. A Anasi atamva uthenga anafika akuthamanga, mpango uli m'manja. Sanakalipe. Anangogwira kaphazi ka mwanayo, kali zii.

"Ndinawalonjeza mayi ake pamanda kuti mwanayu ndidzamusamala," anatero, osawayang'ana amuna awo.

Mulungu anachita chifundo, mwana anachira. Koma mlangizi wa ziweto ataigwira mbuzi ija anapukusa mutu: bere lafa, silidzatulutsanso mkaka.

M'mawa wotsatira Esitele, ataonda ngati kamtengo, anatenga kapu yake n'kukaima pakhomo pa khola, akuyang'ana agogo ake aamuna.

Phunziro: Chisanu chisakuchititseni ulesi pa chinthu cholowa m'kamwa mwa mwana. Tsukani bere, lipukuteni liume, wiritsani mkaka. Ndipo abambo, mverani akazi anu akadalipo, mawu awo mudzawafuna. Tumizirani aliyense woweta mbuzi, Juni asanathe.