Kamwana ka Nkhanga m'Khola la Nkhuku

Padangokhala Thadzi, amene anafungatira dzira la nkhanga pamodzi ndi ake. Kamwana kotuluka m'dziralo kakamva njala, kankakuwa mpaka khola lonse kusowa mtendere. Nkhuku zinzake zinapangana kuti kakapanda kuleka pofika Loweruka, kapirikitsidwire kuthengo.

"Akazanga, kakakuwa muzikajompha pamutu," anatero Tambala.

"Inu mwakajompha kangati, bambo? Kamayesa mukucheza nako."

"Basi, muzikapatsa chiswe, katseke pakamwa."

"Apo ndiye kaphunzira kuti kukuwa kumabala chiswe."

Thadzi anachita zake. Kamwanako kakakuwa, iye ankayang'ana kumbali, koma kakangopalasa pansi pang'ono, ankakaponyera chiswe chonona pompo. Masiku awiri oyamba phokoso linachita kunyanya, ndipo Tambala sanalakwe kudandaula, pakuti makutu ankawawadi. Thadzi mtima unali m'mwamba, koma sanatembenuke. Lachisanu kamwanako kanadzuka n'kuyamba kupalasa kali phee.

Tambala anakwera pamtondo n'kulengeza kuti nzeru zonsezo zinali zake. Thadzi anayang'ana kumbali. Tambala analira kawiri, katatu, kenaka anatsika mwamanyazi n'kuyamba kupalasa.

Chiswe chonona chinamugwera pamapazi.