Mulu wa Nsapato Kumbuyo kwa Lanfen

Panali munthu wina, mayi wachitsikana dzina lake Lanfen, amene ankasoka nsapato pafakitale ina mumzinda wa Dongguan. Nkhaniyi anandiuza ndi mnzanga amene ankakhala naye chipinda chimodzi.

Mwana wake Doudou, wa zaka zisanu, anamusiya kwa agogo ake ku Sichuan, ulendo wa tsiku lathunthu pasitima. Ankamuona kamodzi pachaka, pa Chaka Chatsopano. Chithunzi cha mwanayo anachimata pachivundikiro cha kontena yake ya chakudya kuti azidya akumuyang'ana.

Tsiku lina kampani inalengeza kuti ikutsegula fakitale ina kufupi ndi kwawo kwa Lanfen, ndipo ikufuna kapitawo mmodzi. Ofuna udindowo anayenera kuphunzira kayendetsedwe ka ntchito kwa milungu khumi, kuyankha mafunso a m'buku mlungu uliwonse, kenako mayeso. Lanfen analembetsa tsiku lomwelo n'kuimbira foni mwana wake.

"Doudou, ndikabwera ulendo uno sindichokanso."

"Bodza," anatero mwanayo. "Chaka chatha munateronso."

Koma mafunso anali olimba. Akuweruka, bambo wina wogulitsa mabuku panjinga anamukodola pageti.

"Achemwali, mukudziwumitsiranji mutu? Mayankho onse a buku lanulo ali umu, ndi njira yake yomwe. Mtengo wake ndi ma yuan makumi awiri basi."

Lanfen anagula. Mayi Pang, amene anakalambira pamakina osokera, anamupeza akukopera nthawi ya nkhomaliro.

"Bukulo si loipa, mwanawe. Koma uziphimba yankho ndi chikhatho, uyambe wavutika wekha, kenako uone pamene walakwa."

"Amayi Pang, inu ana anu anakula. Ine ndikufuna kupita kwathu msanga."

"Ndiye wasanduka makina a fotokope? Unamvapo kuti fotokope yakwezedwa pantchito?"

Anzawo anaseka, Lanfen anapitiriza kukopera. Mlungu uliwonse ankakhoza zonse, ndipo aphunzitsi awo, a Gu, ankamutchula ngati chitsanzo.

Tsiku la mayeso a Gu sanabweretse mapepala. Ankatenga wophunzira mmodzimmodzi kupita naye mufakitale momwemo. A Gu anamuimika Lanfen pakati pa mzere wake womwe wa ntchito: poyamba odula zikopa, pachiwiri osoka, pachitatu omata zidendene.

"Ndakupatsa wantchito mmodzi watsopano. Umuika pati kuti nsapato zizituluka zambiri?"

Funsoli Lanfen analikopera mlungu wachitatu, tsamba lake ankaliona m'maso.

"Pamalo achiwiri, aphunzitsi."

"Chifukwa chiyani?"

M'buku muja malo achiwiri ndiwo anali ochedwetsa ntchito. Pano malo achiwiri anali a osoka, othamanga kuposa onse.

"Tatembenuka," anatero a Gu.

Kumbuyo kwake kunali mulu wa nsapato zosokedwa kale, wofika m'chiuno, zikudikira omata awiri amene thukuta linali kamukamu.

"Mulu uwu amauunjika ndani?"

"Ife osoka, aphunzitsi."

"Wakhala ukuulambalala zaka zingati popita kukadya?"

"Zinayi."

"Yankho linali pamaso pako zaka zinayi. Iwe wandipatsa la fakitale ya m'buku."

Udindo unapita kwa wina.

Pa Chaka Chatsopano Lanfen anapita kwawo masiku asanu ndi awiri okha, monga kale. Anapeza Doudou atamuikira pilo pabedi lake, atamusungiranso malo a zovala. Lanfen analephera kumuuza kuti udindo uja sanaupeze mpaka tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mwanayo sanalire, anangoti, "Ndinadziwa."

M'mawa wonyamuka nsapato za Lanfen zinasowa. Anafunafuna nyumba yonse, basi itatsala pang'ono kufika. Agogo ndi amene anazipeza, zitakwiriridwa m'thumba la mpunga. Doudou anali kuseri kwa chitseko, akuyang'ana pansi.

Lanfen anazivala osazikutumula. Ulendo wonse wa sitima mpunga unkamubaya kuphazi, koma sanauchotse.

Akuti masiku ano amawerengabe buku lija nthawi ya nkhomaliro, chikhatho chili pa yankho. Malo ena a kapitawo adzapezeka liti, palibe akudziwa.

Phunziro: Yankho la m'buku ndi lokuonetsa njira, si lokuyendera ulendo. Vutika nalo funso wekha, ndipo usanatchule zimene unaloweza, yamba wayang'ana zimene zili pamaso pako. Ena a ife sukulu tinasiyira panjira, timadziwa kuti mwayi subwera kawirikawiri. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene akuwerengera mayeso, makamaka amene ali ndi mwana womudikira kumudzi.