Kalipentala ndi Maginoliya wa Alamu Ake

Izinso ndatumiziridwa, ndipo akuti zinachitikadi.

Panali munthu wina, kalipentala, wa mtima wosakhazikika. Akaona chinthu n'kuchifuna, pampando sankakhalapo. Ankachita ngati wakhalira nyerere.

Kuseri kwa mpanda wake kunkakhala alamu ake, mkazi wa malemu achimwene ake. Pabwalo pawo panali mtengo waukulu wa maginoliya, wowongoka bwino, umene malemuwo anabzala. Ukachita maluwa, fungo lake linkafika mpaka kumsewu, ndipo anthu odutsa ankaima kuuyamikira. Koma kalipentala akauyang'ana ankangoona zitseko ndi matebulo.

Anakaupempha koyamba, anamukaniza. Anapitanso. Kenako zinangokhala za tsiku ndi tsiku, tepi yoyezera ili m'thumba.

"Alamu, mtengowu wakula. Ndipatseni, ndikupangirani kabati yabwino."

"Ayi alamu, kabati ndilibe nayo ntchito. Achimwene anu anandisiyira umenewu. Ndikakhala pansi pake mtima umatsika."

Kushopu ntchito inasiya kuyenda. Amati akagwira pulena yopalira matabwa, n'kuisiya, n'kukasuzumira pampanda. Akabwerera, n'kukhoma msomali pamalo olakwika. Mkazi wake anaziona.

"Bambo, mtengo wa eni ukuwondetsani. Usiyeni. Matabwa atha kumsika?"

"Iwe za matabwa ukuzidziwira kuti?"

Tsiku lina alamu aja atapita kumsika, iye analowa pabwalo pawo ndi tchizulo, chitsulo chake chosemera matabwa. Anafukula dothi patsinde, n'kusenda khungwa kuzungulira mtengo wonse, n'kukwiriranso bwinobwino. Ankati ukauma amupatsa okha, mwinanso amuthokoza.

Kudikirako ndiye kunamuzunza. M'mawa uliwonse ankadzuka n'kuthamangira kumpanda kukaona masamba. Poyamba sanasinthe, iye n'kumangotukwana chamumtima. Kenako anayamba kufota, n'kuyoyoka. Alamu ake anathirira madzi, anaika manyowa, koma ayi ndithu. Kalipentala ankapita kukawapepesa, nkhope ili yachisoni ngati wabwera pamaliro.

"Pepani alamu. Ndiye tingoudulatu?"

"Tiyeni tidikire mvula. Mwina uphukanso."

Mvula inabwera n'kupita, mtengo uli gwa. Kalipentala anadziwa kuti nthambi zayamba kufumbwa, koma sakanachenjeza munthu popanda kudziulula. Anangozisiya choncho.

Masana ena ali kushopu anamva chiphokoso, kenako kukuwa. Anathamanga sowo ili m'manja. Ana anali atamanga katungwe panthambi ya mtengo uja, ndipo nthambiyo inathyoka. Amene anali pansi pake anali mwana wake yemwe, wamkazi, mmodzi yekhayo. Mwendo unali utaphwanyika.

Kuchipatala anati moyo wapulumuka, koma mwendowo sudzawongokanso. Bambo uja anangoyendayenda pakhonde la chipatala, kukhala osatheka, kulira osatheka.

Atabwerako anapeza alamu ake aitana anthu odula mitengo kuti zisadzachitikenso. Pofukula patsinde, chipsera chinaonekera, mapazi a tchizulo ali mbee kuzungulira. Mumsewu wonsewo kalipentala anali iye yekha.

Mayiwo sanakuwe, sanatukwane. Anauza anyamata aja kuti anyamule zipika zonse akazitule pakhomo pa shopu.

"Alamu, mtengo uja ndi uwu. Mumaufunatu."

Iye anagwada.

Zitseko ndi matebulo zija sanapange. Chinthu chokha chimene anasema pamtengowo ndi ndodo ziwiri zoyendera mwana wake. Akuti mpaka lero mwanayo akakulako, bambo ake amasema zina zotalikirapo, misozi ikugwera pathabwa.

Phunziro: Mwini chinthu akati ayi, ndi ayi. Msampha wotchera mwamseri susankha mwendo, ndipo choipa chitsata mwini, nthawi zina chimadzera mwa mwana wosalakwa. Musaisunge nkhaniyi, tumizirani abale ndi anzanu, mwina pali wina amene wagwira kale tchizulo.