Vidiyo ya Amayi pa Disiki Yodwala

Achemwali anasiya kutafuna chingamu. Ankawerenga logi ya seva yathu yosungira zithunzi, momwe makinawo amalembamo madandaulo awo onse.

"Disikiyi ikufa. Ikukanika kuwerenga malo amodzimodzi, tsiku lililonse faifi koloko m'mawa. Alipo amene amatsegula pamenepo, koma iwe ayi, tulo tako timatidziwa."

"Pamalopo pali chiyani?" ndinafunsa, makutu ali tcheru.

"Vidiyo ya malemu amayi, akutikalipira kuti tidzuke."

Abale inu! Tonse tinacheukira bambo, omwe amati kulira kunatha kalekale. Anali chiimire pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja.

"Musaitsegulenso, bambo, ingafere pomwepo," anatero achemwali. "Ndiyambe ndakopera pang'onopang'ono. Mwina masiku atatu."

"Kopera, mwanangu," anatero, maso ali pansi. "Nanga mawa andidzutsa ndani?"