Thadzi la Apongozi

Kamwanapiye kanafera m'manja mwa Febe asanamalize kukadonthezera madzi a tsabola kukamwa. Anakaika pambali n'kutola kena. Nakonso kanali katagwetsa mapiko, kakuwodzera dzuwa lili pamutu.

Zikanakhala zake zokha, bwenzi atalira n'kuiwala. Koma thadzi lamawangamawanga ndi anapiye akewo zinali za apongozi ake. Mayi a Kizito, mwamuna wake, anazinyamula okha m'dengu kuchokera ku Kabudula mpaka ku Nsaru.

"Mundisungireko izi, mwana wanga," anatero, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Chikwatiwire, Febe anali asanapemphedwepo kanthu ndi mayiwa. Tsono anadziwa tanthauzo lake. Munthu amaikiza chiweto kwa amene akumukhulupirira, kapena kwa amene akufuna kumuyesa. Anazilowetsa m'khola limodzi ndi nkhuku zake, zomwe anayamba kuweta akadali mtsikana. Madeya abwino ankayamba kudya ndi alendowo.

Sabata isanathe, tambala wake anapinda khosi n'kumayenda chozungulira. Misoti inatsatira. Pabwalo ponse panali zitosi zobiriwira. Febe anasungunula kapusozi wa kugolosale m'madzi akumwa. Anayesa phulusa. Anasinja masamba a nimu. Mlangizi wa ziweto, pafoni, anangoti ndi chitopa, ndipo katemera amateteza nkhuku zathanzi, sadzutsa zodwala.

"Zanuzo zimakatola kuchigayo, eti?" anafunsa Tabita, woyandikana naye nyumba, atasuzumira pampanda. "Ndi zimenezotu. Chaka chino munatemeretsa?"

Otemera nkhuku atadutsa m'mudzimo, Febe anali kudimba, akuti adzachita ulendo wina. Nkhuku zake zatola matenda kuchigayo, zapatsira za eni. Akanakana bwanji?

Zake anasiya kuziwerenga. Mphamvu zonse anaziika pa za apongozi. Anapiye otsala anawafunditsa chitenje chake chakutchalitchi m'katoni. Thadzi analitsegula mlomo ndi chala n'kumalimwetsa phala. Linkameza, n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, n'kutsinzinanso.

Linafa Lachinayi m'mawa. Mwanapiye womaliza anatsatira masana.

"Tigule lina lofanana nalo pamsika," anatero Kizito.

"Amayi anu aja? Nthenga iliyonse amaidziwa."

"Ndiye ndiwauza ndine."

"Anaikiza kwa ine, osati kwa inu."

Loweruka apongozi anatsika pakabaza pachipata. Febe anawayalira mphasa pakhonde, anawapatsa madzi akumwa, n'kukagwada chapatali. Mawu amene anakhala akuwakonza masiku awiri anamuthawa onse.

"Amayi, ndalephera. Munandikhulupirira, koma ine sindinasamale. Thadzi lanu lija lafa, ndi ana ake omwe. Zanga nazonso zatha, palibe yotsala."

Mayiwo anatembenuka n'kuyang'ana khola, lomwe chitseko chake chinali pululu. Febe anaweramitsa mutu, kudikira.

"Iii, kodi zafanso?" anatero mayiwo akupukusa mutu mwachisoni. "Ine ndimati ndikazithawitsira kuno zipulumuka. Kwathu chitopa chinali chitasesa khola lonse, zinangotsala zomwezi."